Mwendo Wanga wa ku Ulaya

Mawu a Bambo Howard Zgambo potsekulira chipinda chotsukira zilonda pa chipatala chaching'ono cha Ehlathini, kummwera kwa Mzimba, mu Seputembala 1989

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lino la Mzimba. Olemekezeka Wapampando wa Chipani m'dera lino, pamodzi ndi amayi athu amene nyimbo zawo zatichingamira kuyambira pa mlatho paja. Olemekezeka Inkosi yathu ndi mafumu onse amene mwakhala mumthunzimo. A dokotala aakulu a m'boma lino. Abusa ndi akulu a mipingo. Sisitala Towera Nhlane, oyang'anira chipatala chino, ndi onse ogwira nawo ntchito. Anzanga akale ocheka matabwa ku nkhalango ya Viphya, amene ndakuonani mwabisala kumbuyoko ngati mukuopa kuti ndikutumani. Amayi ndi abambo nonse: ndakupatsani moni.

Mundikhululukire Chichewa changa. Ndinachiphunzira m'nkhalango, kwa anthu a ku Dedza ndi ku Mulanje amene ndinkagwira nawo ntchito, ndipo chikandithawa mundimva ndikuti "mbwenu" mpaka chibwerere.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ndikuthokoza midzi imene inaumba njerwa ndi kuziwotcha, amayi amene anasenza mchenga kuchokera kumtsinje m'chisanu cha mu Juni, amisiri amene anakhoma denga, ndi abale a mumpingo amene atumiza chimphika chachitsulo chophitsira zida, kuti chilichonse chokhudza chilonda cha munthu chizikhala chopanda tizilombo. Chipinda ichi sichinagwe kumwamba, chatuluka m'manja mwanu, ndipo manja amenewo ndi amene akuyenera ulemu wa lero.

Tsono mukudabwa kuti pakati pa anthu olemekezeka onsewa, mlendo wolemekezeka akhala bwanji nkhalamba yopuma pantchito, yoyenda ndi ndodo. Inenso ndinadabwa. Kalata yondiitana itafika ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinafunsa akazi anga, a Elube, ngati m'boma muno muli Zgambo wina. Iwo anati, "Abambo, kuchipatala akafuna kuphunzitsa anthu za njoka za m'mimba, amaika njoka m'botolo kuti onse aione. Pitani, botolo akakupezerani komweko."

Sekani ndithu. Ndabwera, ndipo botolo lake ndi gome lino. Ndikuuzani m'mene ndinatayira mwendo wanga, ndi chinthu china choipa kuposa chimenecho chimene ndinachita kwa Sisitala akhala apawa.

M'chaka cha 1984 ndinali kapitawo wamkulu pa malo ena ochekera matabwa. Pamalo otsitsira mitengo ndinalamula kuti akhome chikwangwani cha zilembo zofiira: OSAIMA APA. Amene waima pamenepo ndinkamulembera chenjezo. Tsiku lina mu Febuluwale, mvula ikuwaza, ndinaima pansi pa chikwangwani chomwecho kuti ndikalipire bwino anthu otsitsa zipika. Unyolo unaduka, chipika chinagubuduka, ndipo nthambi yake yosongoka inandibaya m'mphechepeche mwa ntchafu ya kumanzere.

Bala analisoka ndipo linapola. Koma patapita miyezi itatu pamalopo panatuluka chotupa chachikulu ngati lalanje, chogunda ngati mtima. Ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene kunali dokotala wa mitsempha wochokera kunja. Iye anandionetsa kapaipi koyera, kolukidwa ngati nsalu, kotalika ngati chikhatho changachi. Anati mtsempha waukulu wopititsa magazi kumwendo wang'ambika, choncho adula pamene pawonongekapo n'kusokererapo mtsempha wopangawo.

Atatha opaleshoni anabwera ndi womasulira kuti andilangize. Ine ndinauza womasulirayo kuti akapume, Chingerezi ndimachidziwa. Ndipo zoonadi, ndinamva mawu onse. Kumva ndinamva, koma kumvera ayi.

Dokotalayo anati: mnofu wa munthu uli ndi asilikali ake, amene magazi amawanyamula kupita nawo paliponse pamene pafika mdani. Nsalu ilibe asilikali. Tizilombo timene amati mabakiteriya tikangofika pa kapaipi kotere, timamanga mudzi pomwepo, timadzikuta ndi chinthu choterera, ndipo mankhwala amangodutsa pambali. Choncho anandiuza kuti ndipume milungu isanu ndi umodzi, bala lisanyowe ndipo lisagwidwe ndi manja osasamba, komanso kuti ndikangoona kutupa, mafinya, magazi kapena kutentha thupi, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndinabwera kuno ngati munthu wochokera ku Joni. Pa khonde la sitolo ku Boma ndinkauza aliyense kuti, "Mwendo uwu si wa kuno, ndi wa ku Ulaya." Ena ankatsutsa. Otsutsawo ndinkapita nawo kuseri kwa sitolo, n'kumatula bandeji, n'kuwauza kuti, "Gwirani mumve nokha m'mene ukugundira." Ankagwira. Wina wangotsitsa kumene mbuzi pa njinga, wina wangopota fodya, wina wangobwezeretsa tcheni. A Inkosi akupukusa mutu. Inde, Inkosi, anali ineyo, bambo wa ana asanu, mkulu wa mpingo.

Mlungu wachitatu ndinamva mbiri imene inandipweteka kuposa bala. Pa mpando wanga anaikapo mongogwirizira a Kalebe Mtonga, ndipo anthu ankati chiyambire a Kalebewo matabwa akutuluka ambiri, ngozi zachepa, ndipo anthu akuimba pantchito. A Kalebe, muli pati? Ndi awo akweza chipewa. Sindinakuuzenipo, koma ndinu munandidzutsa pa mphasa. Ndinavala gamubutsu n'kubwerera kuntchito. Mlungu womwewo kunabwera alendo ochokera kulikulu, ndipo pofuna kuwaonetsa kuti ndili ndi mphamvu, ndinawadutsitsa m'dambo, madzi akulekeza m'chiuno, pomwe njira youma inalipo.

Patapita masiku, pa chipsera panatseguka kabowo kakang'ono ngati diso la nkhuku, kotuluka madzi achikasu. Ine monga katswiri wa mitengo ndinaganiza motere: paini ukautema umatulutsa utomoni n'kudzipoletsa wokha, nanga munthu angasiyane bwanji ndi paini? Ndinamata kabowoko ndi utomoni. Thupi litayamba kutentha, dalaivala wina anandipatsa makapisozi a mbali yofiira mbali yakuda, amene anatsala kwa mlamu wake. Ndinamwa anayi, ndinamvako bwino, otsalawo ndinasunga kuti adzathandize tsiku lina.

Miyezi itatu ndinayenda choncho. Ndinaonda, chakudya chinkandikanika, masana ndinkanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. M'nyumba munayamba fungo. A Elube atafunsa, ndinati ndi gamubutsu. Anazitaya kunja, fungo linatsala. Ndinati m'denga mwafa khoswe. Anakwera pa mpando, khoswe sanampeze.

Tsiku lina akuchapa anapeza magazi ofiira pa buluku langa. M'mawa mwake anagwira pamimba n'kuyamba kubuula. "Abambo, ndikufa ine, nditengereni kuchipatala." Ndinawakweza pa njinga yamoto ya boma imene ndinkayendera, ndikuwadzudzula njira yonse kuti amayi ali ndi vuto lobisa matenda mpaka zinthu zitafika poipa.

Tinafika pano. Nthawi imeneyo chipatala chinali kachipinda ako mukukaona kuseri kwa thanki, ndipo zida ankaziphitsa m'poto pa pulaimasi. Namwino anali mmodzi yekha, Sisitala Nhlane. Titangolowa, wodwala wanga uja anawongoka, anatseka chitseko, n'kuima pamenepo. Anati, "Sisitala, ine ndili bwino. Wodwala ndi awa. Auzeni avule."

Olemekezeka, ndinaimapo pamaso pa akuluakulu ambiri, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Sisitala anasamba m'manja, anachotsa utomoni pang'onopang'ono ndi kachitsulo, anaunika ndi tochi. Kenako anafunsa, "Adada, magazi anatuluka liti?"

Ndinati, "Dzana, pang'ono chabe. Anasiya okha. Ndiye kuti pakupola."

Anati, "Sipakupola. Pansi pa bowoli ndikuona nsalu yoyera. Ndi mtsempha anakuikani uja, uli m'mafinya. Magazi a dzanawo ndi ulusi umene wayamba kumasuka. Ukamasuka wonse, simutha ngakhale kunena Atate Wathu mpaka kumapeto."

Ndinawauza kuti andimange bandeji, ndidzabwera Lolemba, chifukwa tsikulo ndinali ndi msonkhano wa makapitawo. Iwo anatuluka panja, anazula makiyi pa njinga yanga, anawaponya m'thumba la pachifuwa la yunifolomu yawo, n'kundiuza m'chinenero chathu kuti, "Adada, muhanya uno mukuluta ku nchito yayi." Lero simupita kuntchito. Tsono ndiuzeni, abusa, mwamuna wa mumpingo akanawatenga bwanji makiyi pamene anawaikapo?

Analankhula ndi dokotala wa ku Boma pa wayalesi, ndipo anagwirizana kuti ndipite molunjika ku Lilongwe. Anatuma mlonda kukaitana Landirova ya kuntchito kwathu. Ine ndinali pa benchi, ndikufufuma ngati finye. Odwala ena ankandiyang'ana, ena mwa iwo anthu amene ndinkawalamula kuntchito. Ndinafuula kuti, "Mukundidziwa ine? Mudzaona!" Ndinapempha pepala ndi cholembera. Sisitala anandipatsa, cholembera chawo chomwe.

Apa musaseke. Ndinalemba kalata yopita kwa akuluakulu. Ndinalemba kuti namwino wa pa Ehlathini ndi wamwano, wanyoza wantchito wa boma pamaso pa anthu, walanda katundu wa boma, akusokoneza ntchito ya chitukuko, ndipo alibe kumvera kapena mwambo. Nonse mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Inenso ndinkadziwa, n'chifukwa chake ndinawasankha. Landirova itafika, munali kalaliki wanga, a Malizani, munthu wachikulire wokhulupirika. Ndinawapatsa kalatayo n'kunena kuti, "Ifike ku Boma." Sisitala anaona zonsezo. Anangotenga chikwama cha thonje ndi mabandeji, n'kukwera kumbuyo pamodzi ndi ine ndi a Elube.

Tinadutsa Jenda bwinobwino, ine osalankhula ndi Sisitala. Tikuyandikira Nkhamenya, galimoto inagunda dzenje, ndipo ndinamva kutentha kukutsika m'ntchafu ngati wina wandithira tiyi. Magazi anathovoka mpaka kudenga la galimoto. A Elube anakuwa. Sisitala sanakuwe. Anakunga nkhonya, anaikanikiza m'mphechepeche mwanga, anagwada n'kutsamira ndi thupi lawo lonse, n'kuuza dalaivala kuti asaime.

Ndinawayang'ana, maso akuchita mdima. Ndinati, "Sisitala, ndikufa?"

Anati, "Mukapitiriza kuyankhula, inde. Khalani chete kamodzi pa moyo wanu."

Ku Kasungu anandiika madzi a m'botolo, iwo osachotsa dzanja. Kuchokera pamenepo mpaka ku Lilongwe anagwada pa chitsulo cha galimoto, mawondo akusupuka, dzanja lili pomwepo. A Elube amandiuza kuti atandilowetsa m'chipinda cha opaleshoni, zala za Sisitala zinakana kutambasuka, mpaka anamwino anzawo anachita kuziviika m'madzi ofunda n'kumaziwongola chimodzichimodzi.

Madokotala anachotsa kapaipi kaja. Pambuyo pake anandionetsa m'mbale: mtsempha wanga wa ku Ulaya unali utasanduka kansanza kotuwa, konunkha. Anayesa kundipulumutsira mwendo. Anatenga mtsempha wanga weniweni ku mwendo wa kumanja n'kuulumikiza, koma mnofu wozungulira unali utawola kale, ndipo ulusi unalibe pogwira. Tsiku lachisanu ndi chinayi zala zinada bii. Dokotala anakhala pa bedi langa n'kunena kuti, "Bambo Zgambo, tisankhe: mwendo kapena inu." Ndinasayina. Anadula pamwamba pa bondo. Umene ndaimirawu ndi wamtengo ndi zikopa, anaupanga kuno kwathu, ndipo sindinaitanepo munthu kuseri kwa sitolo kuti adzaugwire.

Ndinagona m'chipatala miyezi inayi. Ndinkadzilirira ndekha, kulirira mwendo, kulirira mpando wanga. Za kalata ija ndinaiwaliratu. Nditatuluka ndinauza a Elube kuti agwire tambala wamkulu tikathokoze. Tinafika pano, tinapeza namwino wina. Nditafunsa za Sisitala Nhlane, anayang'ana pansi. Anati, "Anawaimitsa ntchito. Munthu wina wamkulu anawalembera kalata."

Tambala anali m'manja mwanga, akundiyang'ana.

Ndinapita kwa a Malizani. Ndinati, "Kalata ija munaipereka?" Anati, "Bwana, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndagwira ndi inu, sindinaphonyepo lamulo lanu. Ndinakaipereka ndekha m'mawa mwake." Sindikanawadzudzula. Sindikudzudzulanso amene anailandira, chifukwa anakhulupirira mawu a munthu amene ankaoneka wolemekezeka. Wabodza ndinali ine. Sisitala atangobwerako ku Lilongwe, yunifolomu ili ndi magazi anga, anaitanidwa kukafunsidwa mafunso masiku atatu, kenako anauzidwa kuti akadikire kwawo.

Ndinayamba kuyenda m'maofesi ndi ndodo ziwiri. Pakhomo lililonse mesenjala ankafunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani, bambo?" Ine ndinkati, "Ndabwera kudzanena kuti ndine wabodza." Wina anandiuza kuti ndilembe zimenezo m'makope atatu. Ndinalemba. Wina anati pakufunika mboni. A Elube anati, "Ine ndilipo, ndakhala nawo zaka makumi atatu." Kulemba kalata yoipa kunanditengera mphindi khumi, koma kuifafaniza kunatenga miyezi isanu ndi iwiri.

Pakati pa miyezi imeneyo ndinakwera lole kupita kwawo, kufupi ndi Euthini. Ndinawapeza pa khonde akusenda mtedza ndi ana awo awiri. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditafika onse anandithawa. Ndinangoti, "Sisitala, ndalakwa chomene."

Anayang'ana buluku langa lopindidwa ndi pini, n'kufunsa kuti, "Chitsacho akumanga ndani?" Ndinati ndimamanga ndekha. Anamasula, anaona, anapukusa mutu. "Mwamanga ngati mtolo wa nkhuni. Chitupa ichi." Anatuma madzi, anasamba m'manja, anandimanga bwinobwino. Tambala uja, amene ndinamunyamula pa lole, analandira, anandiphikira ine ndemwe.

Ndikutsanzika ndinaona manda atsopano kuseri kwa nyumba. Anali a bambo awo, mphunzitsi wopuma, amene anagulitsa ng'ombe zawo kuti mwana wawo aphunzire unamwino. Anamwalira mwezi wachitatu mwana wawo ali pakhomo, anthu a m'mudzi akunong'onezana kuti anachotsedwa ntchito chifukwa cha mwano. Anapita osamva kuti dzina lake layeretsedwa. Zimenezo palibe makope atatu amene angazibweze. Mwendo ndinauzolowera, koma manda amene aja sindinawazolowere.

Amayi ndi abambo, ine si dokotala, ndipo mwamva m'mene udokotala wanga unathera. Koma ndili ndi pempho. Masiku ano abale athu ambiri akubwera kuchokera kuzipatala zazikulu ali ndi zitsulo m'mafupa, ena timapaipi m'mitsempha, ena ulusi m'mimba. Zinthu zimenezi zimapulumutsa moyo, ndipo amene anandiika kapaipi kaja anagwira ntchito yabwino imene ine ndinaiwononga. Koma chinthu chopanga sichidziteteza chokha. Pamene anakusokani pakafiira, pakatupa, pakayamba kuchucha, ngakhale patapita chaka, bwerani kuno dzuwa lisanalowe. Mukaona kadontho ka magazi musati asiya okha. Mankhwala amene akupatsani mumalize onse, musagawane ndi alamu anu. Pachilonda musaike utomoni, ndowe, kapena mafuta a galimoto, pakuti ndamva kuti anzanga ena a kunkhalango ayamba zimenezo. Ndipo inu abambo anzanga, a maudindo, a matayi: namwino akakuuzani chinthu chimene simukufuna kumva, dziwani kuti tizilombo sitiwerenga kalata ya udindo wanu.

Tsopano kwa inu, Sisitala. Ku Euthini ndinapepesa pa khonde, pali anthu anayi. Koma kukunyozani ndinakunyozani pagulu, pabwalo lomwe lino, ndipo bodza langa linafika mpaka m'maofesi. Choncho lero, pamaso pa Bwanamkubwa, pamaso pa Inkosi, pamaso pa Chipani ndi mpingo, ine Howard Zgambo ndikunena kuti zonse zimene ndinalemba za inu zinali zabodza. Simunali wamwano. Munali munthu yekhayo m'boma lino amene analimba mtima kundikaniza, ndipo ndi chifukwa chake ana anga ali ndi bambo. Sindikupemphani kuti muyankhe. Ndimangofuna kuti anthu awa amve ndi makutu awo.

A komiti andipatsa sizasi kuti ndidule kansalu ka pakhomo apo. Vuto ndi lakuti dzanja limodzi lagwira ndodo, ndipo linalo silingagwire kansalu ndi sizasi nthawi imodzi. Ndikupempha Sisitala abwere tigwirizane.

Akukana. Taonani, akuti ayi ndi mutu. Amayi, ndithandizeni, yambitsani nyimbo, musaleke mpaka aimirire.

Eya. Aimirira. Apatseni njira. Bwerani, mama, gwirani apa. Dulani ndinu, ine ndingogwirizira.

Olemekezeka nonse, m'dzina la onse amene anaumba njerwa, kusenza mchenga ndi kukhoma denga, ndikulengeza kuti chipinda chotsukira zilonda cha pa Ehlathini chatsekulidwa tsopano. Aliyense amene ali ndi chilonda chimene wakhala akubisa, khomo ndi ilo, ndipo Sisitala ali pantchito kuyambira pompano.

Yewo chomene. Zikomo kwambiri.